Maphunziro a Madzulo pa Chalimbana ndi Mbiri ya Asoli

Pali maphunziro a mitundu iwiri. Ena munthu amaphunzira cifukwa mphunzitsi waima kutsogolo ndi coko m'manja, ndipo belu likalira amatseka buku ndi kuthamangira kunja. Ena amaphunzira yekha ataweruka ku nchito, popanda womtuma kapena womlonda, cifukwa mtima wace wakonda cinthuco. Wina amakonda za nyenyezi, wina za mbalame, wina za mankhwala a m'thengo, wina za malamulo a m'khoti. Nkhani ino ifotokoza za maphunziro a mtundu waciwiriwu monga anali kucitikira masiku a ulamuliro wa Angelezi, pamene dziko la Zambia linali ndi dzina lakuti Northern Rhodesia.

Malo abwino oyambirapo ndi Chalimbana, m'boma la Chongwe, pafupi mamailosi 30 kum'mawa kwa Lusaka. Munthu wotsata mseu waukulu wa ku Chipata akafika pa Chongwe amapatuka, ndipo posacedwa amaona nyumba za sukulu pafupi ndi kamtsinje ka Chalimbana, kamene kamathira m'mtsinje wa Chongwe. Mbiri ya malo amenewa iphunzitsa cinthu cimodzi coyenera kucisinkhasinkha. Anthu ophunzira a masiku aja anakonda maphunziro awiri koposa ena onse: maphunziro a pa positi opatsa satifiketi, ndi mbiri ya makolo ao. Oyambawo anatulutsa atsogoleri a maiko. Aciwiriwo anapulumutsa mbiri ya mitundu yambiri, koma mbiri ya Asoli, eni ace a nthaka imene sukuluyo inamangidwapo, inatsala pang'ono kuiwalika.

Ciyambi ca Chalimbana

Sukulu ya Chalimbana inabadwa kutali, kutsidya kwa nyanja. M'caka ca 1907 mai wina wokalamba wa ku Philadelphia m'dziko la America, dzina lace Anna Jeanes, anapereka ndalama zokwana madola 1,000,000 kuti zithandize sukulu zazing'ono za anthu akuda a m'midzi ya kumwera kwa dzikolo. Ndalamazo zinali kulipira aphunzitsi oyendera, amene nchito yao inali kuzungulira sukulu za m'midzi, kulangiza aphunzitsi anzao, ndi kuphunzitsa makolo za ukhondo, za ulimi ndi nchito za manja.

M'caka ca 1924 nthumwi za bungwe la Phelps-Stokes zinayendera maiko a kum'mawa ndi pakati pa Afrika kudzaona sukulu, ndipo zinalangiza kuti njira ya Jeanes iyesedwe kunonso. Comweco sukulu zotere zinatsegulidwa ku Kabete m'dziko la Kenya m'caka ca 1925, ku Domasi m'dziko la Nyasaland, ndi ku Mazabuka m'dziko lino, kumene mkulu wace woyamba anali Mbusa J. R. Fell wa mpingo wa Methodist. M'caka ca 1939 sukulu ya ku Mazabuka inasamutsidwira ku Chalimbana.

Wophunzira wa sukulu ya Jeanes sanali mwana ai. Anali mphunzitsi wogwira kale nchito, wosankhidwa ndi mishoni yace, ndipo anali kudza pamodzi ndi mkazi wace ndi ana. Mwamuna anali kuphunzira kaphunzitsidwe, ulimi ndi ukalipentala. Mkazi anali kuphunzira kusoka, kulera ana ndi kusamala odwala. Pambuyo pace Boma linayamba kuitaniranso mafumu ndi akalaliki a makhoti ao ku Chalimbana kuti aphunzire za kayendetsedwe ka maiko ao. Motero pa malo amodzi panali kukomana Ababemba, Alozi, Atonga, Acewa, Ansenga, Angoni ndi ena ambiri, aliyense ndi cinenero cace ndi mbiri ya kwao.

Maphunziro a pa positi

Masiku aja khomo la maphunziro apamwamba linali lopapatiza ndithu. Sukulu ya sekondale ya Boma ya anyamata aciAfrika inayamba pa Munali m'caka ca 1939, ndi ophunzira owerengeka. Yunivesiti munalibe m'dziko lonse kufikira 1966. Pamene Zambia analandira ufulu m'caka ca 1964, anthu aciAfrika okhala ndi digiri anali ngati 100 okha. Mphunzitsi wofuna kupitirira pamene anafika anali ndi njira imodzi yokha, ndiyo kuphunzira mwa makalata.

Kacitidwe kace kanali kotere. Munthu anali kutumiza ndalama ku sukulu ya makalata ya ku South Africa kapena ku England. Sukuluyo inali kumtumizira mapepala a maphunziro pamodzi ndi mafunso. Iye anali kuwerenga usiku pa nyali ya parafini, atatha kuconga makope a ana ndi kukonza maphunziro a m'mawa mwace, nalemba mayankho, nawaponya pa positi. Patapita masabata mapepala aja anali kubwera ndi zizindikiro za inki yofiira za mphunzitsi amene sanamuonepo nkhope. Mayeso eni-eni anali kulembedwa pamaso pa woyang'anira woikidwa. Mayunivesiti awiri ndiwo anali kulola munthu kupata digiri mwa njira yotere: Yunivesiti ya London, imene inatsegulira mayeso ace ophunzira a kunja m'caka ca 1858, ndi Yunivesiti ya South Africa ya ku Pretoria, imene inayamba kuphunzitsa mwa makalata m'caka ca 1946.

Amuna awiri amene anaphunzitsapo pa Chalimbana aonetsa kumene njira imeneyi inali kufikitsa munthu. Woyamba ndi John Mwanakatwe, amene anabadwa m'caka ca 1926. Iye anapata digiri ya Yunivesiti ya South Africa mwa kuwerenga payekha, ndipo amakumbukika monga mwana woyamba wa dziko lino kupata digiri. M'caka ca 1964 anakhala Nduna yoyamba ya Maphunziro ya dziko la Zambia. Waciwiri ndi Robert Mugabe wa ku Southern Rhodesia, amene anaphunzitsa pa Chalimbana kuyambira 1955 kufikira 1958. Iye anafika ali nayo kale digiri ya ku Fort Hare, koma ali pa Chalimbana anali kuwerengabe mwa makalata kuti aonjezere ina. Atacoka anapita kukaphunzitsa ku Ghana, ndipo pambuyo pace analamulira dziko la Zimbabwe kuyambira 1980 kufikira 2017.

Maphunziro amenewa anali ndi phindu looneka ndi maso. Satifiketi inali kukweza malipiro, ndiponso inali kutsutsa bodza lakuti munthu wakuda sangathe kufika pamene Mzungu afika. Koma anali ndi cosowa cimodzi cacikuru. Mafunso anali kukonzedwa ku London ndi ku Pretoria, ndipo mbiri imene anali kufunsa inali ya mafumu a ku Ulaya ndi ya maulendo a Azungu m'Afrika. Munthu anali kutha kupambana mayeso onse osadziwa dzina la mfumu imene inamanga mudzi wa agogo ace.

Mbiri ya makolo

Cosowa cimeneci cinadzutsa phunziro laciwiri, limene linalibe mayeso kapena satifiketi. Aphunzitsi, alaliki ndi akalaliki ena anayamba kugwiritsa nchito masiku ao opumula kufunsa nkhalamba za kale ndi kulemba zimene anamva.

Ku Nyasaland, Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, anapambana mpikisano wa zolemba ndi buku lace la Nthondo, limene linasindikizidwa m'caka ca 1933, ndipo pambuyo pace anasonkhanitsa kwa akulu-akulu nkhani zimene zinakhala buku la Mbiri ya Achewa. Mbusa Yesaya Chibambo wa ku Ekwendeni analemba mbiri ya Angoni a kumpoto. M'dziko lino E. B. Mwale analemba Za Acewa. Simon Chibanza analemba mbiri ya Akaonde, imene inasindikizidwa m'caka ca 1961. Mbusa Paul Mushindo wa ku Lubwa, amene anakulira ku bwalo la Chitimukulu, analemba mbiri ya Ababemba monga anaimva kwa akulu a kumeneko, ngakhale kuti buku lacelo linatuluka m'caka ca 1977, iye atamwalira kale. Ku Luapula, Mwata Kazembe wa 14 anasonkhanitsa nduna zace kuti mbiri ya Alunda ilembedwe m'Cibemba.

Nchito yao sinali yopepuka. Sukulu zikatsekedwa, wolemba anali kukwera njinga ndi kope lace m'thumba, napita kwa nkhalamba yodziwika. Sanali kungofika ndi kuyamba mafunso. Anali kuyamba waonekera kwa mfumu ya mudzi, napereka moni mwaulemu, napatsa nkhalambayo kamcere kapena fodya, nadikira kufikira iyo itamasuka. Pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Anali kufunsa maina a mafumu m'ndondomeko yao, kumene mtundu unacokera, mitsinje imene unaoloka, nkhondo, njala, ndi ciyambi ca mafuko. Wolemba wanzeru sanali kukhuta ndi mau a munthu mmodzi. Anali kupita kwa waciwiri ndi wacitatu, m'midzi yosiyana, nalinganiza mau ao kuti aone pamene agwirizana ndi pamene asiyana.

Boma linathandiza kusindikiza zolembazi. M'caka ca 1937 linakhazikitsa komiti yoyang'anira mabuku a anthu aciAfrika, ndipo m'caka ca 1948 nchitoyo inapatsidwa ku ofesi ya mabuku ya Northern Rhodesia ndi Nyasaland, ya ku Lusaka. Timabuku tace tinali totsika mtengo, ndipo tinalowa m'sukulu zimene aphunzitsi ocokera ku Chalimbana anali kuyendera.

Womvera asaganize kuti mbiri imeneyi inali yongosangalatsa pa moto madzulo. Kuyambira 1930 Angelezi anali kulamulira midzi kupyolera mwa mafumu, ndipo Bwana wa pa Boma anali kufuna kudziwa mfumu yaikuru ndi yaing'ono, ndi polekezera dziko la aliyense. Mayankho a mafunso amenewa anali m'mbiri. Mtundu umene mbiri yace inalembedwa unali ndi mboni yosafa. Cifukwa cace mabukuwa afunika kuwawerenga mosamala, pakuti wolemba wina anali kukometsa banja lacifumu la kwao, nacepetsa mitundu yoyandikana nayo, ndipo nkhani za akazi, za akapolo ndi za anthu wamba kawiri-kawiri zinali kutsala. Komabe popanda iwo zambiri zikadapita kumanda pamodzi ndi eni ace.

Pali citsanzo cimodzi coonetsa kuti maphunziro awiriwa amafunana. Nkhalamba za Angoni zinali kunena kuti tsiku limene Zwangendaba anaolotsa anthu ace pa Zambezi, pafupi ndi Zumbo, dzuwa linada usana. Nkhalambazo sizinali kudziwa caka. Koma akatswiri a zakumwamba amasunga ciwerengero ca masiku onse amene mwezi unaphimba dzuwa, ndipo m'mabuku ao munapezeka kuti kadamsana wotere anaoneka m'cigawo cimeneco m'mwezi wa November, 1835. Cikumbukiro ca nkhalamba cinapereka cocitika. Buku linapereka tsiku. Cimodzi pacokha sicikadakwanira.

Eni ace a nthaka

Tsopano nkhani ibwerere ku Chongwe. Dziko limeneli ndi la Asoli. Cinenero cao akatswiri amaciika pamodzi ndi Cilenje, Ciila, Cisala ndi Citonga, m'gulu lodziwika ndi dzina lakuti Bantu Botatwe. Monga Acewa, iwo amawerengera mtundu kucokera kwa mai. Makolo ao anali alimi, alenje ndi osula citsulo. M'zaka za m'ma 1800 anasautsidwa ndi Acikunda ocokera ku cigwa ca Zambezi, amene anali kufuna minyanga ya njobvu ndi akapolo. Mafumu ao odziwika ndiwo Nkomeshya, Bunda Bunda, Mpanshya ndi Shikabeta, ndipo wamkulu mwa iwo ndi Nkomeshya wa ku Chongwe.

Mzinda waukulu wa Zambia uli ndi dzina la mfumu ya mudzi. Pamene njanji inafika m'caka ca 1905, poima sitima anapacha dzina la Lusaaka, mwini mudzi wa pafupi. Alimi aciZungu anatenga minda m'mbali mwa njanji, ndipo ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 Boma linalemba malire a malo osungira anthu akuda, nasunthira midzi yambiri kumeneko. M'caka ca 1935 likulu la dziko linacoka ku Livingstone kudza ku Lusaka. Palibe mtundu wina m'dziko lino umene unaona mzinda waukulu cotere ukumera pakati pa minda yace.

Munthu akadayembekeza kuti mtundu wokhala pa khomo la likulu, ndi sukulu ya aphunzitsi pakati pace, ndiwo ukadayamba kulembedwa mbiri. Koma sizinatero, ndipo cifukwa cacikuru cinali cinenero. Boma linasankha zinenero zinai za m'sukulu, ndizo Cibemba, Cinyanja, Citonga ndi Cilozi, ndipo wailesi ya ku Lusaka inatsata zomwezo. Pambuyo pace anaonjezerapo Cikaonde, Cilunda ndi Ciluvale, koma Cisoli sicinalowe. Cigawo ca Lusaka cinapatsidwa Cinyanja. Comweco mwana wa ku Chongwe anali kutha kuwerenga za Kalonga, za Undi ndi za Mpezeni m'buku losindikizidwa, pamene za Nkomeshya anali kuzimva pakamwa pokha, ngati agogo ace anali ndi moyo. Wolemba amafuna owerenga, ndipo wosindikiza amafuna ogula. Cinenero cosaphunzitsidwa m'sukulu cinalibe onse awiri.

Zolembedwa zoyamba za Asoli zinali za alendo, ndipo zinali m'Cingelezi. M'caka ca 1936 B. I. C. van Eeden anasindikiza malamulo a cinenero ca Cisoli ku Stellenbosch m'dziko la South Africa, kutali ndi anthu ocilankhula. W. V. Brelsford anawachula mwacidule m'buku lace la mitundu ya Northern Rhodesia la 1956. Panapita zaka zambiri kufikira ca m'ma 1990 pamene P. C. Manchishi ndi E. T. Musona anatulutsa kabuku ka mbiri ya Asoli yoyambira 1500 kufikira 1900. Pofika nthawi imeneyo nkhalamba zimene zinaona Acikunda ndi maso ao, ndi zimene zinaona njanji ikufika, zinali zitagona kale.

Zimene mabuku sanasunge, mwambo unasunga. Caka ndi caka, dzinja likayandikira, Asoli amasonkhana ku Chongwe pa mwambo wa Chakwela Makumbi, ndiko kunena kukoka mitambo. Mfumu imapempha mvula kwa Mulungu kupyolera mwa makolo, niyamba kubzala mbeu, ndipo pamenepo anthu amamasuka kulowa m'minda. Mfumu yaikazi Nkomeshya Mukamambo waciwiri, imene inalowa ufumu m'caka ca 1971, inadziwika m'dziko lonse cifukwa ca kulimbikira kwace pa nkhani za malire ndi za nthaka ya Asoli. Pa milandu yotere funso limakhala lomwe lija la masiku a Angelezi: ndani anayamba kukhala pano, ndipo malire anali pati? Mwambo umakumbutsa mtundu wonse ciyambi cace, koma sungathe kusunga dzina la kamudzi kali konse, kapena manda ali onse, kapena dambo liri lonse.

Nchito yotsala

Chalimbana anasintha pamodzi ndi dziko. M'caka ca 1970 anakhala koleji ya aphunzitsi ogwira kale nchito, ndipo lero ndi yunivesiti. Maphunziro a pa positi aja alowedwa m'malo ndi a pa intaneti, ndipo khomo lija lopapatiza latseguka kwa zikwi za anthu. Phunziro loyamba lija silisowanso olikonda. Koma laciwiri lija likali kudikira anthu ace, ndipo nthawi yace ili kutha. Mzinda wa Lusaka uli kukula kulinga kum'mawa motsata mseu wa ku Chipata. Minda isanduka mapuloti, ndipo malo amalandira maina atsopano. Ana ambiri a Asoli amalankhula Cinyanja koposa cinenero ca agogo ao.

Munthu wa ku Chongwe wofuna phunziro la madzulo safunika kulifuna patali. Angathe kuyamba ndi maina a mitsinje, mapiri ndi madambo a kwao, ndi kufunsa tanthauzo lace. Angathe kufunsa pamene panali mudzi wakale usanasunthidwe, ndi amene anaikidwa m'manda a pamenepo. Angathe kufunsa pamene osula anali kukumba miyala ya citsulo, ndi mbeu zimene anthu anali kubzala cimanga cisanacuruke. Zimene Ntara anali kucita ndi njinga ndi kope, lero zitheka ndi foni ya m'manja, imene imasunga ngakhale liu leni-leni la wolankhula.

Malamulo a nchitoyi ndi omwe aja a kale. Wofunsa ayambe wapempha cilolezo kwa mfumu ndi kwa mwini nkhani. Alembe dzina la wosimba, mudzi wace, fuko lace, ndi tsiku limene anasimba. Alembe mau monga anatuluka, m'Cisoli momwemo, ndipo kumasulira kudze pambuyo. Afunse amai okalamba monga afunsa abambo, pakuti pa mtundu wowerengera kwa mai, iwo ndiwo adziwa bwino mzere wa banja. Pamene mboni ziwiri zisiyana, alembe zonse ziwiri, asasankhe yomkomera. Potsiriza asasunge kope limodzi lokha m'nyumba, mmene ciswe ndi mvula zingalipeze, koma apereke lina ku nyumba ya mabuku ya pa Chalimbana kapena ku nyumba yosungira makalata akale a dziko ku Lusaka.

Nchito yotere siidzakweza malipiro a munthu, ndipo palibe adzambveka mkanjo cifukwa ca iyo. Ntara, Chibambo ndi Mushindo sanalemere nayo. Koma lero aliyense wofuna kudziwa za Acewa, Angoni kapena Ababemba, ngakhale mphunzitsi wamkulu wa pa yunivesiti, amayamba watsegula mabuku ao. Akale anati mau a akulu akoma akagonera. Koma kuti agonere, pafunika wina wowasunga usikuwo.